Manja a Kumbuyo kwa Kalasi ya Elube

Eya, azimanso magetsi aja. Musawadikire, lero sabwera amenewo. Sendezani mbaula kuno. Iwe wa juzi yofiira, tazimitsa tabuleti yakoyo, ukutithobwa m'maso. Mwakhala mukundivutitsa kuti ndikuuzeni za ku tiipii, za mmene ife tinkayeserera kuphunzitsa tisanalandire satifiketi. Chabwino, ndikuuzani. Koma amene akudziwa kuti chikhodzodzo chake n'chaching'ono apitiretu kuseri panopa, chifukwa ndikatha palibe amene adzamuperekeze.

Dzina la sukulu sindikutchulirani. Mwina wina mwa inu amutumiza komweko, ndiye adzandida ine. Mungodziwa kuti ili kuseri kwa mapiri, kumene minibasi imakutsitsa n'kutembenuka mwachangu ngati yaba. Umayenda, umayenda, kenako njira imatsikira mumtsinje. Ukawoloka n'kukwera kamtunda, sukulu ndi imeneyo: midadada iwiri ya njerwa, mtengo wa mkuyu, ndi chitsulo chopachika chimene ankachimenya ngati belu.

Tinapita awiri, ine Zelesi ndi mnzanga Elube. Elube ameneyu anali wofatsa mpaka kunyansa. Ukamuponda chala, wopepesa amakhala iyeyo. Tiipii imeneyi inali yachiwiri kwa iye. Chaka cham'mbuyo mwake lekichala atalowa m'kalasi n'kukhala kumbuyo kuti amuonerere, Elube mawu anamuthera, anangoima ngati chitsa, choko chili m'manja. Ku koleji anamuuza mosapsatira kuti akalepheranso, azikalima. Ndiye kumudzi anali atasiya kamwana, Sungeni, kamene kanali kakungoyamba kulumikiza mawu, kakusungidwa ndi agogo ake. Elube ankafuna chinthu chimodzi basi: akhoze, apatsidwe sukulu ndi kanyumba, akatenge mwana wake azigona naye pa mphasa imodzi. Nkhani imeneyi ankandiuza tikamadya, tikamachapa, ngakhale tikamatsuka mano. Ndinkatopa nayo, sindikunama.

Chaka chimenecho m'pamene zinthu zinasintha. Ife tinali oyamba kupatsidwa matabuleti amene mukunyada nawowa. Aliyense yake, kuphatikizapo sola yotchajira ndi kapulojekita kamodzi konga mtanda wa sopo. Maphunziro onse anali momwemo: zithunzi zoyenda, nyimbo, mafunso. Malekichala anasiya kubwera kumidzi. Mnzako amakujambula kanema ukuphunzitsa, kenako mumakwera pa chulu cha kuseri kwa zimbudzi, pamene netiweki imapezeka, n'kutumiza ku koleji. Malikisi amachokera pa kanemayo. Elube anavina atamva zimenezi.

"Bola makina, Zelesi," anatero. "Makina sakuyang'ana ndi diso lonyoza."

Ahedi anali a Malunga, bambo wamtali wosakonda kuyang'ana munthu m'maso. Ine anandipatsa sitandade thuu, ya pansi pa mkuyu, kumene pulojekita inalibe ntchito chifukwa cha dzuwa. Elube anamupatsa sitandade folo, chipinda cha kumapeto, chamdima bwino, cha mawindo a njerwa zobowola. Titalowa m'chipindamo anaima pafupi ndi bolodi n'kutsokomola.

"Madamu, kuno tili ndi kachitidwe kathu. M'chipinda chino bolodi sitifufuta poweruka. Chimene mwalemba chizigona pomwepo, mudzafufute m'mawa. Chitsekonso musamakhome, muzingochikankhira."

Ine ndi pakamwa pangapa ndinafunsa. "Chifukwa chiyani, ahedi?"

"Pali ena amabwera mochedwa."

Anangotero n'kutuluka. Ife tinaganiza kuti akunena ana oweta mbuzi, kapena amene makolo awo amawatsekereza ku dimba m'mawa. Tinati ndi mtima wabwino umenewo, n'kuiwala.

Elube anatenga shiti yake yoyera n'kuipachika pa bolodi ndi misomali iwiri. Abale inu, mukanaona tsiku loyamba! Pa shiti paja panaoneka njovu ikuyenda, ana anakuwa, ena kuthawira panja, ena kukafufuza kuseri kwa nsalu. Sabata isanathe, ana amene anasiya kalekale sukulu anabwerera. Amayi opita ku chigayo ankatula matumba n'kusuzumira m'mabowo a mawindo. Ndipo Elube uja wa mawu othawa anasanduka munthu wina. Ankaseka, ankayenda pakati pa ana, ankaimba nawo. Ndinkamujambula ndikumva nsanje pang'ono, ine ndili ndi kabolodi kanga kotsamiritsa pa mtengo.

Koma belu loweruka likalira, Elube ankadina batani, zithunzi n'kuzima. Ankachotsa shiti, kuipinda, kuika m'chikwama. Bolodi linkatsala lakuda bii, lopanda ngakhale kadontho ka choko. Palibe chimene anafufuta, mukumva? Lamulo la ahedi sanaliswe. Kungoti panalibe chimene chinkagona.

Zinayamba ndi mbuzi. Mbuzi za m'mudzimo zinkakonda kudzagona pa khonde la sukulu dzuwa likaswa mtengo. Zinapitiriza kugona pa khonde lonselo, kupatula pakhomo pa Elube. Zikafika pamenepo zinkalambalala, kutsikira pansi, kukakweranso uko. Ine ndinati bola, manyi achepa.

Kenako choko. M'mawa wina Elube anapeza tizidutswa ta choko titandandalikidwa pansi pa bolodi, mzere wowongoka bwinobwino. Anatitolera n'kutibwezera m'bokosi. M'mawa mwake tinalinso pomwepo. Anafunsa ana kuti akuseweretsa choko ndani, ana onse maso pansi, zii.

Nthawi imeneyo kunali kotentha koopsa, mwezi wa Okutobala, fumbi lokhalokha. Mtsinje uja unali mchenga, amayi akufukula kuti apeze madzi. Koma kumbuyo kwa kalasi ya Elube, m'mbali mwa khoma, simenti inayamba kuchita chinyezi. Osati chithaphwi ayi. Timadera takuda chabe, apa ndi apo, totalikirana ngati mmene ana amakhalira pansi. Ndi kafungo ka matope a mumtsinje. Ndinayang'ana kudenga, malata ali bwinobwino, ndiponso mvula yake iti?

Tsiku lina masana, ana ataweruka, tinkatsikira kutsidya kukagula tomato. Tili pakati pa mchenga, tinakumana ndi ana akukwera kulowera ku sukulu. Kagulu ndithu, ali pa mzere, mitu yowerama. Yunifolomu yawo sinali ya buluu ngati ya ana athu, inali ya khaki wotuwa. Ana a kumeneko akaona mphunzitsi amagwada ngakhale pa minga, koma awa anangotidutsa, osapereka moni.

"Mwachedwatu inu, anzanu aweruka," anatero Elube.

Iwo anangopitirira ulendo wawo. Mchenga unali wotentha moti ife tinkadumphadumpha mu masilipasi, koma iwo ankayenda pang'onopang'ono, opanda nsapato. Titafika kutsidya Elube anandifunsa ngati ndazindikirapo mwana aliyense. Ndinayesa kukumbukira nkhope imodzi yokha. Mpaka lero sindinaikumbukire. Tomato uja tinagula osanenerera, pobwerera tinazungulira njira ya kumtunda.

Kuyambira pamenepo, ana a Elube anayamba kuthinana kutsogolo. Kalasi yonse yaunjikana pafupi ndi shiti, maondo kugundana, kumbuyo kwatsala bwalo. Elube akati sunthirani kumbuyo, amasuntha pang'ono n'kubwereranso. Kamtsikana kena kanalimba mtima n'kunena kuti, "Madamu, kumbuyoko kukuzizira." Kuzizira mu Okutobala! Ine ndinatsala pang'ono kuseka, koma ndinkajambula nditaima cha kukhomo, ndipo tsitsi la m'khosi linali litandiimirira.

Kanema woyamba wa malikisi tinamutumiza Lachisanu lina. Lekichala wathu anali Mayi Kanyumbu, mayi wachilungamo koma wosamwetulira. Iwo sankalemba, ankatumiza uthenga wa mawu. Tinaumvetsera tili pa chulu pomwepo, dzuwa likutiwotcha.

"Elube, makina mukuwagwiritsa ntchito bwino, mawu anunso akumveka tsopano. Koma kanema ameneyu sindimulandira. Mukuphunzitsa ana a kutsogolo okha. Ana a kumbuyo akweza manja kuyambira poyamba mpaka pomaliza, inu osawaloza ngakhale kamodzi. Mphunzitsi sasankha ana. Mujambulenso."

Tinayang'anana. Elube anaubwereza uthengawo. Kenako tinatsegula kanema uja, mitu itagundana. Kutsogolo kunkaoneka ana athu bwinobwino. Kumbuyo kunali mdima, chifukwa kuwala kwa mabowo a mawindo kunkasokoneza kamera. Ine ndinati palibe kanthu, ndi mithunzi chabe. Ndinatero chifukwa ndinkafuna kuti ikhale mithunzi. Koma mithunzi ija inali yowonda, yoimirira, ndipo Elube akafunsa funso inkakwera pamodzi.

Elube anakhala pansi pa chulu paja. Sanalire.

Ine mantha akandigwira ndimapsa mtima. Ndinamukoka mpaka ku ofesi ya ahedi, n'kuika tabuleti pa tebulo lawo.

"Ahedi, amabwera mochedwa aja ndi ndani?"

A Malunga sanafune n'kuyang'ana komwe pa tabuletipo. Anaitembenuza chafufumimba ndi chala chimodzi, n'kukatseka chitseko.

"Madamu Elube, pa bolodi mumasiyapo chiyani poweruka?"

"Palibe, ahedi. Ndimaphunzitsira pa nsalu."

Bambo uja anagwira mutu. Kenako anayamba kulankhula akuyang'ana khoma. Anati kalekale, iwo asanabwere, pa sukulupo panali mphunzitsi wa sitandade folo wa dzanja lolemera. Mwana akachedwa, chikwapu. Akajomba, chikwapu chowirikiza. Tsiku lina mvula inagwa kumapiri, mtsinje unadzaza. Ana a kutsidya anaima pa gombe, akumva belu likulira. Anaopa chikwapu kuposa madzi. Anagwirana manja n'kulowa.

"Sanafike," anatero a Malunga. "Koma sanasiyenso kubwera. Amadikira anzawo aweruke, n'kudzakopera za pa bolodi. Savuta munthu, sanavutepo munthu. Tsopano inu akabwera masana akupeza bolodi lakuda. Ndiye aona kuti phunziro limaoneka m'mawa mokha, makina akayaka. Mwawaphunzitsa kufika pa nthawi yake."

"Nanga osatiuza bwanji poyamba pomwe?" ndinakalipa.

"Mukanakhala? Aphunzitsi amene ndinawauza poyera onse anathawa. Ana amoyowa aziphunzitsidwa ndi ndani?"

Mtima wanga sunawakhululukire, ngakhale lero.

Tinagwirizana kuti Elube azilemba pa bolodi poweruka, monga ankachitira aphunzitsi akale. Tsiku limenelo analemba phunziro lonse, zilembo zikuluzikulu zokongola, mpaka choko chinamuthera m'zala. Tinakankhira chitseko n'kupita kunyumba, mitima itatsikako.

M'mawa mwake tinapeza bolodi lonse litapakidwapakidwa. Osati ndi chofufutira ayi. Ndi manja, timanja ting'onoting'ono tonyowa, choko chitayenderera mpaka pansi. Pamwamba pokha, pamene mwana sangafikire, ndi pamene panatsala zilembo. Ndipo shiti ija, imene Elube anaiiwala pa tebulo itapindidwa, tinaipeza yatambasulidwa pansi pa bolodi, ngodya imodzi ili ndi matope, ngati wina amayesa kuikweza koma msomali unamutalikira.

A Malunga atabwera kudzaona anangopukusa mutu. "Aona njovu ikuyenda," anatero motsitsa. "Mwana amene waona zimenezo mungamubwezerenso ku choko?"

Tinayesa zonse, musaganize kuti tinangokhala. Ndinajambula kutsogolo kokha, Mayi Kanyumbu anati kanema azionetsa kalasi yonse. Tinasamutsira ana pansi pa mkuyu, pulojekita sinaonetse kanthu padzuwa. Tinapempha chipinda cha sitandade sikisi, mphunzitsi wake anakana kwamtuwagalu, amvekere, "Mufuna mundibweretsere alendo anu?" Ndinamuuza Elube kuti angowaimbira foni Mayi Kanyumbu awauze zoona.

"Ndiwauze kuti chiyani, Zelesi? Chaka chatha ndinauma pakamwa, chaka chino ndikuona mizukwa? Adzati mutu wanga sukoka, sindiyenera kukhala ndi ana a anthu."

Anali kunena zoona. Inenso ndikanakhala lekichala ndikanaganiza chimodzimodzi.

Teremu inali kutha. Mitambo inayamba kusonkhana kumapiri, kukutentha kwa chinyontho kuja. Elube anaonda, maso analowa m'kati. Poyamba ankaimbira foni kumudzi kuti amve mawu a Sungeni, koma tsopano akamaliza kuyankhula ankakhala pa chulu paja osatsika. Ndiye unabwera uthenga wotsiriza.

"Elube, ndakupatsani mpata wokwanira. Kanema watsopanoyu vuto ndi lomwe lija, ana a kumbuyo mukuwasala. Ndikupatsani mwayi umodzi wokha. Ndikufuna ndione mukuloza mwana wa kumbuyo, ayankhe, mumuyamikire. Zikapanda kutero, ine sindingakuthandizeni."

A Malunga ataumva uthengawo anaimirira, ndipo kanali koyamba kuwaona akuyang'ana munthu m'maso.

"Madamu, chonde. Kuwasiyira za pa bolodi ndi kwina, kuwaloza ndi kwina. Chiyambireni palibe mphunzitsi amene anawalankhulapo m'kalasi. Amangokopera, alibe mwini. Mukaloza mmodzi n'kukuyankhani, ndiye kuti mwavomera. Mwakhala mphunzitsi wawo."

"Ndiye chichitike n'chiyani, ahedi?"

"Sindikudziwa, mwana wanga. Koma ana amene analowa m'madzi kuti asajombe, mukuganiza kuti angalole mphunzitsi wawo ajombe?"

Madzulo amenewo ndinamunyengerera, ndinamukalipira, ndinamutukwana kumene. Ndinati ntchito si uphunzitsi wokha, anthu akugulitsa kaunjika akudya. Ndinati wakutsina khutu ndi mnansi, mvera ahedi. Iye anangokhala pa mphasa akusita diresi lake la buluu.

"Iwe ulibe mwana, Zelesi," anatero. "Ine ndikabwerera kumudzi chimanjamanja, Sungeni adzakula ngati ine. Ndi funso limodzi lokha. Ndiloza, ayankha, basi, teremu yatha, tipita."

M'mawa mwake kunacha kwa mitambo. Phunziro linali la ziwalo za thupi. Ndinaima pakona ya kutsogolo, tabuleti m'manja, kuti kalasi yonse ioneke. Pa shiti panaoneka chifuwa cha munthu, chikufufuma n'kuphwa, chikufufuma n'kuphwa, makina akutulutsa phokoso la kupuma. Ana amoyo anali ataunjikana kutsogolo monga mwa masiku onse. Kumbuyo, ndi maso angawa, sindinkaona kanthu koma simenti yonyowa. Pa galasi la tabuleti sindinafune kuyang'anapo kwambiri.

Elube anaphunzitsa bwino kuposa tsiku lina lililonse. Ndikunena zoona, sindinaonepo phunziro lokoma ngati limenelo. Atafika pa mafunso, anadutsa pakati pa ana, kuwapatula ndi maondo, mpaka anakaima pamene simenti youma imathera.

"Ndani angatiuze, munthu amapuma ndi chiwalo chanji?"

Mwa ana amoyo palibe anakweza dzanja. Onse anali ataweramira pansi. Elube anatambasula mkono n'kuloza ku khoma.

"Iwe, wa pakona."

Kunangoti zii. Ngakhale makina aja ndinasiya kuwamva. Kenako kunamveka ngati munthu akudzuka m'chithaphwi, madzi akudontha, tho, tho, tho. Ndipo kunabwera kamawu kakang'ono, kochokera pansi, ngati mwana akulankhula m'kamwa muli madzi.

"Mapapo, madamu."

Mayo ine! Tabuleti inatsala pang'ono kundipulumuka. Kamnyamata kena ka kutsogolo kanadzikodzera pomwepo. Koma Elube, Elube uja wouma pakamwa, anamwetulira. Misozi ikutsika, koma akumwetulira.

"Wakhoza. Tiyeni timuwombere m'manja."

Ana amoyo manja anali atawapanira m'khwapa. Kuwomba kunachokera kumbuyo, kwa manja ambiri, konyowa ngati amayi akumenya zovala pa mwala. Kunapitirira nthawi yaitali. Ndinadina batani, ndinatuluka panja, ndinasanza.

Elube anakhoza. Anaposa tonse a chaka chimenecho. Mayi Kanyumbu anati sanaonepo wophunzira amene wasintha chonchi. Teremu itatha tinalongedza katundu, ine mtima uli m'malo kuti zatha. Tinatsikira kumtsinje, madzi anali atayamba kuyenda, ofika m'akakolo. Ine ndinawoloka. Nditacheuka, Elube waima pakati pa madzi, chikwama pamutu, osasuntha.

"Tiye, iwe!"

"Andigwira diresi, Zelesi."

Ndinabwerera n'kumukoka dzanja. Ndinakoka ndi mphamvu zanga zonse, ine ndine munthu wa thupi mukundionamu, koma kunali ngati kukoka mtengo. Diresi lake kumunsi linali litakungika kulozera kumbuyo, mbali zingapo, pamene madzi ankapita kwina. Atangobwerera phazi limodzi cha ku sukulu, linamasuka. Anayesanso mawa lake, anayesa njira ya kumtunda. Chimodzimodzi.

Satifiketi yake ndinakamutengera ndine. Anapempha kuti amusiye pa sukulu yomweyo, ndipo akuluakulu anavomera mwachangu, poti kumeneko palibe amene amafunako. Anapatsidwa ntchito, anapatsidwa kanyumba. Zonse zimene ankafuna anapatsidwa. M'mawa amaphunzitsa amoyo ndi choko pansi pa mtengo, masana amalowa m'chipinda chija yekha n'kuyatsa makina. A Malunga anandiuza kuti ana amoyo tsopano ali pa mtendere. Koma a masanawo sakwera kalasi, chaka ndi chaka sitandade folo.

Kwa mayi ake anatumiza mawu amodzi: asadzayerekeze kupita naye Sungeni kumeneko. Agogo aja sanamvetse, ankati mwana wawo ntchito yamulowa m'mutu, waiwala kwawo. Zaka zitapitapo, Sungeni atayamba sukulu, agogowo anadwala. Anandiitana n'kundigwira dzanja, amvekere, "Mwana wanga, kamuonetseni mwanayu mayi ake, ndingafe ine asanawadziwe." Ndinakana, ndinakana, kenako ndinalola. Ndinati mwina zinatha.

Tinafika pa mtsinje masana, nyengo ya dzinja, madzi ofika m'maondo. Sungeni anali atavala diresi la ku tchalitchi, atanyamula kathumba ka mtedza koti akapatse mayi ake. Njira yonse ankandifunsa ngati mayi akewo adzamuzindikire. Ndinali nditatumiza uthenga, ndiye Elube tinamupeza ataima kale kutsidya. Anali ataonda ngati bango, tsitsi layamba imvi, munthu wamng'ono kwa ine. Atamuona mwana uja anagwira pakamwa ndi manja onse awiri.

Ndinawerama kuti ndimubereke Sungeni tiwoloke. Elube anakuwa, mawu amene sindinkadziwa kuti ali nawo.

"Ayi! Zelesi, usamuwolotse! Akamuona amufuna akhale nawo m'kalasi! Bwerera naye!"

"Angokupatsa moni, Elube, tibwerera pompano!"

"Ndati bwerera naye! Ndakupempha, mnzanga, usamulowetse m'madzimo!"

Ndinamutsitsa mwana uja. Tinaima choncho, ife kuno, iye uko, madzi akudutsa pakati. Elube anamuyang'ana mwana wake kuyambira kumutu mpaka kumapazi, pang'onopang'ono, osaphethira. Anayesa kunena kanthu, koma phokoso la madzi linameza. Kenako kumtunda kuja chitsulo chinalira, ana amoyo akuweruka. Elube anagwedezeka ngati wina wamukoka chovala. Anakweza dzanja kamodzi, n'kutembenuka, n'kuyamba kukwera kamtunda kaja. Ine ndinkamuona akukwera yekha.

Sungeni sanalire. Anaima ndi kathumba kake ka mtedza, akuyang'anitsitsa kutsidya mpaka mayi ake anabisika. Kenako anandikoka chitenje.

"Anti, ana onse aja awagwira diresi aja ndi awo?"

Ndinamugwira dzanja kuti tibwerere.

"Ndi ambiri, eti," anatero mwana uja. "N'chifukwa chake ine anandisiya."